Oyilo wa kuchigayo m'galimoto ya mpongozi wanga

Anthu akandifunsa kuti, "Amake Zuze, munayenda bwanji ku Lilongwe pa galimoto yofiira ija?" ndimayamba ndafunsa ngati ali ndi nthawi. Chifukwa ulendo umenewo si wongoti tinanyamuka tinafika ayi. Muli manyazi anga m'menemo.

Ine kwathu ndi kwa Lundu, kuseri kwa Nchalo, kumene nzimbe za esiteti zimathera n'kuyamba minda ya ife anthu wamba. Diso langa lakumanzere linachita ng'ala. Munthu akaima patsogolo panga masana ndinkamuona ngati ali mu utsi. Mwana wanga Zuze, amene amakhala ku Lilongwe, anati ndipite madokotala akandipale kumeneko, kuti ndikatuluka m'chipatala ndikakhale pakhomo pake. Anatiuza kuti Lachinayi ndikhale nditalembetsa isanakwane thuu koloko masana. Koma iye ntchito inamugwira, ndiye anatuma mkazi wake, Tiyamike, kudzanditenga.

Tiyamike ndi mwana wa ku Ntcheu, ku Lizulu kozizira kuja. Ndi mwana wabwino, ndisaname. Kungoti ine ndi iye tinkalemekezana ngati anthu okumana pamaliro, moni wabwino, kenako zii. Amalankhula mosazungulira, ndipo galimoto imene anabwera nayo si ya Zuze ayi, ndi yake, anagula yekha. Galimoto yake inu! Yofiira ngati phwetekere, zitseko ziwiri zokha, yafupi mpaka mimba kufuna kukhula pansi. Ikalira imachita kubangula. Kuchoka pa tala kufika pakhomo panga anayenda ngati munthu woponda paminga, uku anthu a m'mudzi akuitsatira pambuyo. Pofika madzulo anali ataipatsa kale dzina, ankati nkhasi, kamba wa m'madzi uja.

Anafika Lolemba. Lachiwiri m'mawa anati galimoto yakwana nthawi yosintha oyilo, m'tauni anasowa mpata, ndiye oyiloyo wabwera naye m'chigubu. Anapangana ndi a Fombe kuti adzasinthe. A Fombe ndi makaniko wa m'mudzi mwathu, bambo wachikulire, shedi yawo ili pansi pa mtengo wa bwemba. Amakonza njinga zamoto za akabaza ndi mapampu othirira m'madimba. Kale ankagwira ku galaja ya esiteti limodzi ndi malemu amuna anga, ndipo tsiku la maliro awo ndi a Fombe anayenda wapansi kukafuna matabwa a bokosi. Ndikunena izi kuti mudziwe munthu amene ndinamuchita chipongwe.

Tiyamike ankapita kuchipatala cha kuboma kukanditengera kalata. Asanakwere kabaza anandipatsa chigubu chija.

"Amayi, a Fombe akabwera muwapatse ichi. Ichi chokha, asathire china chilichonse."

Ine ndinati, "Chabwino mwananga, pitani."

Tsono ine ndili ndi khalidwe langa. Chinthu sichilowa m'nyumba mwanga osachitsegula. Ndagulitsa mandasi pageti la esiteti mpaka ana onse kukula, ndipo mafuta ndimawadziwa. Ogulitsa ena amasakaniza, ena amakupatsa okazingira kale. Ndimaviika chala, n'kutikita, ndadziwa. Komanso bambo ake Zuze anayendetsa thirakitala moyo wawo wonse, ndipo mawu awo anali amodzi: "Kuno kuchigwa oyilo azikhala wolemera. Wopepuka dzuwa la kuno limamusandutsa madzi." Ankaviika chala m'chitini, n'kukweza, oyilo n'kupanga ulusi. Akatero ankagwedeza mutu kuti eya, uyu ndiye oyilo.

Ndiye ndinatsegula chigubu chija, kuthyola kakolala ka pachitsekero. Ndinaviika chala. Aaa! Madzi enieni. Ngati tiyi wopanda mkaka. Ulusi nkhabe. Ndinati mayo, mwana uyu amubera m'tauni, amuona kuti ndi mzimayi. Ndipo ndinene zoona, mumtima ndinakondwa pang'ono. Ndinati lero ndapeza chinthu chimene ine wa Sitandade 5 ndikudziwa, iye wa masukulu ake sakudziwa. Ndimupulumutsa mwakachetechete, ndidzamuuza tikafika, Zuze ali pomwepo.

Ndinakhuthulira oyilo ujayo m'beseni. Ndinatenga chigubu, ulendo wa kuchigayo cha mlongo wanga. Iye kunalibe, koma mgolo wa oyilo wa injini ya chigayo ndimadziwa pamene umakhala. Ndinadzaza. Wolemera bwino, wa ulusi, ngati uja wa malemu. Wa m'beseni uja ndinati kutaya n'kulakwa, ndinatenga chisanza n'kupaka mitengo ya khola la mbuzi kuti chiswe chisadye. Ndinapaka khola lonse, wina n'kutsalako wa chitseko cha bafa.

A Fombe anabwera ndi masipanala awo, anagona pansi pa galimoto, anatulutsa oyilo wakale. Atayamba kuthira watsopano anaima. Anayang'ana chigubu, anayang'ana oyilo, anayang'ananso chigubu.

"Amake Zuze, chigubuchi chalembedwa 5W-40. Oyilo wa nambala imeneyi satsika chonchi. Uyu akuchita kukwawa."

"Thirani, a Fombe. Ndi amene mwini wake wasiya."

"Koma chitsekerochi ndachipeza chothyola."

"Ndiye mukudziwa kuposa mwini galimoto? Inu a njinga zamoto? Thirani dzuwa lisanakwere."

Anati, "Pyadidi," ndiye kuti chabwino m'chilankhulo cha kwathu, n'kuthira. Munthu wamkulu uja ndinamunyoza pa ntchito yake, iye n'kundimvera chifukwa cha ulemu.

Lachitatu tinanyamuka kutangocha. Nkhondo yoyamba inali ya katundu. Ine ndinali nditakonza thumba la mapira, nkhuku ziwiri, masau, malambe ndi milamba youma. Tiyamike anatsegula kumbuyo kwa galimoto, malo ake ngati a m'dengu. Mapira anatsala, nkhuku zinatsala, milamba anaikulunga m'majumbo atatu ngati mankhwala oopsa. Kulowa kwake ndiye musanene. Ndinachita kukhala kaye, kenako kukoka miyendo umodziumodzi, mawondo kufika pachibwano. Umakhala ngati uli pamphasa koma mphasayo ikuthamanga. Anandimanga lamba, ndinatsazika amene anabwera, tinapita.

Pa Nchalo tinachedwa ndi mabampu. Bampu iliyonse ankaikwera chammbali, pang'onopang'ono, njinga zakapalasa kumatipitirira, okwerawo kumatiyang'anira pansi. Wina ananyamula mbuzi pakaliyala, mbuziyo n'kumandiyang'ana m'maso. Titatuluka m'menemo anaponda, ndipo mutu wanga unagunda kumpando. Dyeratu ndinangomva dzina. Tinaoloka Shire pamlatho, kufika pa Thabwa, palodibuloko.

Wapolisi anachita kugwada kuti atione.

"Agogo, mwakwera ndege lero?"

"Ndege yake yokwawa, bambo."

Anaseka, anazungulira galimoto kawiri, osafuna ngakhale mapepala, kungofunsa kuti imathamanga bwanji. Anatsegula.

Tsono mapiri aja. Amene munakwerapo kuchoka pa Thabwa mukudziwa, msewu umangopindika, kumanja phiri, kumanzere phompho, chigwa chonse chili pansi. Makutu anga anatseka. Tili pakati Tiyamike anati, "Galimotoyi lero ikukoka mwendo. Sichita chonchi." Posakhalitsa kanyali kachikasu kanayaka kutsogolo kwake. Anaima pamalo pamene anthu amagulitsa makala, anatsegula boneti, anasolola kawaya koyezera oyilo, anapukuta, anabwezera, anasololanso.

"Oyilo ngwodzaza bwinobwino. Kaya n'chiyani."

Poti anali wotentha, sanaoneke kulemera kwake. Ine ndili m'kati ndinati, "Ndi kutentha kwa kwathu kuno mwananga, ikazolowera iyenda." Ndipo mumtima ndinkati mwamwayi muli wolemera, akanakhala wamadzi uja bwenzi titapsa pompano. Taonani uchitsiru wake. Analizanso, kanyali kanazima, tinapitirira.

Blantyre tinadutsa m'chipwirikiti, maminibasi kutipanikiza uku ndi uku, ine kumangoona matayala awo. Lunzu, kenako Zalewa. Pamenepo tinaima, anandigulira tchipisi ndi mazira, ndipo anakana kuti ndidyere m'galimoto, tinadyera chiimire. Anandigwira dzanja pooloka msewu, mbali ya diso lakufa. Ndinazindikira kuti ulendo wonse ankandiyendera kumanzere. Kuchoka apo kanyali kaja kanayakanso pa Phalula, n'kuzima, kuyakanso titadutsa Chingeni. Iye anasiya kulankhula, anazimitsa ndi wailesi yomwe, kumangomvetsera injini. Ine ndinayesa kumusangalatsa ndi nkhani ya mvuu imene inathamangitsa abusa athu kudimba, koma ankangoti, "Eee, Amayi."

Tinapangana kuti tigone ku Lizulu kwa amayi ake, asewere anga, kuti m'mawa tingomaliza kamtunda kotsala. Tinafika dzuwa likupendeka. Unali mwezi wa Juni. Inu, anthu amakhala bwanji kumene kuja? Nditangotsegula chitseko mphepo inandilowa m'mafupa. Ife ku Chikwawa tikati kwazizira ndiye kuti tafunda chitenje. Asewere anandilandira mogwada, anandiphera nkhuku, anandipatsa mabulangete awiri ndi juzi ya malemu amuna awo. Anandilemekeza kwambiri mayi amene uja, mpaka kuitana anansi kuti adzaone apongozi a Tiyamike ochokera kuchigwa.

M'mawa ndinadzuka m'kamwa mukutuluka utsi. Ndinapita kukhitchini kukaotha moto. Ndinapeza asewere aika botolo la mafuta ophikira pafupi ndi mafuwa.

"Mukuwaotcheranji mafuta, asewere?"

"Agwirana ndi chisanu. Kuno nyengo ino mafuta sayenda m'mawa, mpaka uwafunditse."

Ndinayang'ana botolo lija. Mafuta oyera mbuu, olimba ngati phala la dzulo. Ine wa mandasi, zaka zonse zija, mafuta ogwirana ndinali ndisanawaonepo, kwathu sizichitika. Ndinaganiza za galimoto imene yagona panja.

Sindinamalize n'kuganiza komwe. Panja Tiyamike analiza injini. Sinabangule monga mwa masiku onse. Inachita khwa-khwa-khwa-khwa, ngati munthu akugwedeza miyala m'chitini. Anazimitsa nthawi yomweyo. Nditatuluka ndinamupeza wagwira chiwongolero ndi manja onse, akuyang'ana kanyali kofiira. Nkhope yake sindidzaiiwala.

Anaimbira makaniko wa ku Dedza amene amadziwa galimoto zoterezi. Tinadikira. Seveni koloko inakwana, eyiti inadutsa. Anansi anabwera atafunda mabulangete, kuzungulira galimoto, aliyense ndi nzeru zake. Wina ati batire, wina ati mafuta a pa Zalewa ngosakaniza. Asewere anandipatsa tiyi ndi mbatata, koma mbatatayo ndinangoisiya m'mbale. Cha m'ma naini makaniko anafika pa njinga yamoto, bambo wandevu, wosakonda zolankhula. Anamvetsera nkhani, anagona pansi, anamasula. Tonse tinawerama kuyang'ana. Oyilo sanatuluke msanga. Anayamba walendewera, kenako n'kumatsika ngati uchi.

Makaniko anaviika chala, ananunkhiza.

"Madamu, wakuthirirani izi ndani? Uyu ndi wa chigayo kapena wa thirakitala. Muli ndi tizinyalala tomwe."

Ine pakamwa panga sipamva. Ndinati, "Koma bambo, si wolemera ndiye wabwino? Wamadzimadzi angateteze chitsulo?"

Sanandiseke. Anati, "Agogo, funso lanu ambiri amafunsa. Thirakitala ndi ng'ombe, iyi ndi gwape, sizidya zofanana. Injini iyi tinjira take ta oyilo n'tating'ono ngati diso la singano. Pa chigubu paja pali manambala awiri. Faifi woyambayo akunena za kuzizira, kuti m'mawa ngati uno oyilo athamange msanga kufika kumutu kwa injini zitsulo zisanayambe kudyana. Fote winayo akunena za kutentha, kuti ngakhale mupite nayo ku Nsanje mu Okutobala asasungunuke. Oyilo ameneyo amachita kumupanga mwapadera kuti akwanitse zonse ziwiri. Kuoneka ngati madzi si kufooka ayi. Tsono uyu m'mawa uno anangokhala pansi phwii, kumwamba zitsulo zikukhulana zouma."

Anati galimoto isayendenso mpaka aitsegule aone chimene chapweteka, makamaka tabo, kachipangizo kamene kamaipatsa liwiro lija. Mwina yapulumuka poti anazimitsa msanga, mwina ayi.

Tiyamike anatulutsa foni, anaimbira a Fombe, n'kuika pokweza kuti makaniko amve nawo.

"A Fombe, munathira chiyani m'galimoto yanga?"

"Ndinathira amene anali m'chigubu, mayi."

"Chigubu ndinasiya chomata, cha oyilo wabwino. Muno mwatuluka wa chigayo. Wanga ali kuti?"

Ndinkamva nkhuku zikulira kumudzi kwathu kudzera m'foni muja. Kenako anati, "Ndathira amene ndinapatsidwa. Ine sindinabepo chinthu cha munthu, mayi."

Tiyamike anatembenukira kwa ine. "Amayi, chigubu munawapatsa chili chotseka, eti?"

Asewere ali apo. Anansi ali apo ndi mabulangete awo, aja anabwera dzulo kudzandiona ngati munthu wolemekezeka. Ine ndavala juzi ya eni ake. A Fombe ali pa foni akumva.

Ndinati, "Eee. Chotseka."

Foni inaduka.

Asewere anaomba m'manja, "Kalanga ine, anthu a masiku ano! Mpaka kubera mwana amene wabwera kudzatenga wodwala?" Ndipo anandigwira paphewa kundipepesa, kuti ndisadandaule, si mlandu wanga.

Kuli gulu lina la pafoni la anthu a kwathu, a kumudzi ndi a m'tauni, kumene amalengezako maliro ndi maukwati. Zuze anamulowetsamo mkazi wake. Tiyamike anajambula mawu pomwepo, mokwiya. Anati anthu achenjere ndi a Fombe, amasinthanitsa oyilo wabwino ndi wa chigayo, wabwinoyo n'kukagulitsa, ndipo amuphera galimoto. Anatumiza. Ine ndinaona chala chake chikudina, ndinangoyang'ana kumbali.

Nthawi inali itatha, ndiye tinasiya galimoto m'manja mwa makaniko, ife ulendo wa kumsika wa Lizulu kukakwera minibasi. Tinapeza ina kondakitala akukuwa kuti yatsala anthu awiri. Anthu awiri ake tinakhala m'menemo mpaka matako kuwawa, akukweza matumba a kachewere ndi kabichi, ena pansi pa mipando, ena pamiyendo pathu. Tiyamike anandipatsa malo a pawindo, chikwama changa n'kuchiika pamiyendo pake, milamba ija ikununkha pa malaya ake abwino. Sanadandaule.

Titanyamuka foni yake inayamba kulira, ting'i, ting'i, osaleka. Anthu a m'gulu muja akuyankha. Ankatsegula mawuwo, minibasi yonse kumamva. Wina ati, "Ndinkadabwa ine, njinga yanga imangotentha." Wina ati, "Madala ameneyo ndi tcheya wa kutchalitchi, manyazi alibe." Anthu amene a Fombe anawakonzera zinthu zaka ndi zaka, lero aliyense wakumbukira kuti anamuberapo.

Bambo wina wa chipewa amene anakhala kutsogolo kwathu anatembenuka, anafunsa nkhani yonse, Tiyamike anafotokoza. Basi minibasi yonse inasanduka bwalo la milandu. Wa chipewa uja anati amakaniko onse ndi amodzi, wina anamuchotsera batire yatsopano n'kumuikira yakufa. Mayi wina wa mwana kumbuyo anati akanakhala iye akanapita kupolisi. Ndi dalaivala yemwe anaponyapo mawu. Kenako wa chipewa anati, "Agogo, inu mumamudziwa wakubayo?"

Ndinati, "Timakhala mudzi umodzi."

"Ndiye muzibisa nkhuku zanu."

Anthu anaseka. Ine ndinanamizira diso, ndinaphimba nkhope ndi chitenje ngati likuwawa. Tiyamike anatseka windo kuti mphepo isandipweteke.

Pa Dedza tinaimanso, kutsitsa kachewere, kukweza anthu, kudikira ena amene kondakitala ankalumbira kuti akubwera. Palodibuloko anatitsitsa tonse, kusecha matumba. Wapolisi ananunkhiza jumbo yanga ya milamba n'kuibweza msanga. Tiyamike maso ali pa wotchi. Titadutsa Linthipe, tisanafike pa Chimbiya, tinangomva phuu! Tayala lakumbuyo. Dalaivala anaikokera pambali bwinobwino, tinatsika. Tayala lapadera linalipo koma lopanda mpweya, jeke analibe, kondakitala anakwera njinga kukabwereka. Anthu anabalalika, ena kutchire, ena kukagula chimanga chootcha. Ife tinakhala pa kakhoma ka kalavati m'mbali mwa msewu.

Pamenepo panabwera uthenga wina. Anali tcheya wa akabaza a kwathu. Anati anyamata achotsa njinga zawo zonse ku shedi ya a Fombe, zina zili zomasula, azikankha. A kalabu ya ulimi wothirira nawo akatenga pampu yawo. Tiyamike anati, "Aone." Koma mawu ake sanali okondwa.

Patapita kanthawi foni inaitana. Anayang'ana, nkhope inauma. "Ndi a Fombe." Anayankha mwaukali, anamvetsera, kenako anandipatsa. "Akuti akufuna inu."

Ndinati basi, andiyalutsa.

"Amake Zuze, mwafika?"

"Ayi, tili panjira. Tayala laphulika."

"Pepani. Ine ndimati ndikulimbitseni mtima za diso. Musaope, anandipala ine chaka chatha, sizipweteka. Kungoti akakuuzani kuti musawerame, musawerame ndithu, ndimakudziwani inu ndi tsache. Muyende bwino."

Anadikira pang'ono, ngati akundipatsa mpata. Ine ndinangothokoza mwa kwathu kuti, "Takhuta." Anadula.

Ndinakhala ndi foni ija m'manja. Magalimoto akudutsa, fumbi likutiwaza. Akanandikalipira bwenzi ndili ndi poyambira. Ndinati, "Mwananga, a Fombe sanabe. Chigubu ndinatsegula ndine."

Sanamve bwino, kapena sanafune kumva. Ndinabwereza. Ndinanena zonse, za chala, za ulusi, za mgolo wa kuchigayo, ndi mmene a Fombe anakanira ine n'kuwakakamiza.

Anati, "Ndiye oyilo wanga ali kuti?"

"Ndinapaka khola la mbuzi. Chiswe."

Anatulutsa kaphokoso, kaya kuseka kaya kulira. Anaimirira, anayenda mpaka pa mtengo wina uko, anaima chondifulatira. Ine ndinkayembekeza kuti akabwera anditukwana, ndipo ndikanalandira. Anabwerera, anakhala pomwe anali.

"Amayi, ndinakufunsani. Pamaso pa anthu ndinakufunsani."

"Ndinachita manyazi ndi amayi anu."

"Galimoto ndi chitsulo, ikafa yafa. Koma ine ndatukwana munthu wamkulu pagulu, ndamutcha wakuba, chifukwa ndinakhulupirira inu." Anatsegula foni, anandiikira pakamwa. "Dinani apa, mulankhule. Gulu lomwe lija."

"Mwananga, tikafika kaye, ndikapume..."

"Njinga azichotsa lero, Amayi. Osati mawa."

Ndinadina. Ndinayamba kuti malemu amuna anga anayendetsa thirakitala zaka zambiri ndipo ankati oyilo wa kuchigwa azikhala wolemera. Anandilanda foni n'kufufuta.

"Mwayamba kudziikira kumbuyo. Malemu asiyeni agone. Nenani zimene munachita inu."

Anthu a minibasi anali atayamba kubwerera, wa chipewa uja ali pafupi ndi chimanga chake, khutu lili kuno. Ndinadinanso. Ndinati, "Ndine amake Zuze. A Fombe sanabe oyilo. Ndinasintha ndine, ndinatenga wa kuchigayo osauza munthu. Iwo anaona, anandiuza, ine ndinawakakamiza. Lero m'mawa Tiyamike atandifunsa ndinanama. Bwezani njinga zanu kwa a Fombe. Wabodza ndine."

Wa chipewa anasiya kutafuna. Tiyamike anatumiza, kenako anajambula akenso, kupepesa a Fombe ndi banja lawo. Tayala litakonzedwa tinakwera, ndipo kuchoka pa Chimbiya mpaka mu Lilongwe m'minibasi muja munalibe wonena za amakaniko. Kondakitala yekha ndiye anati, "Agogo, koma ndinu oopsa," anthu osaseka.

Kuchipatala tinafika nthawi itatsala pang'ono kwambiri. Anandipala m'mawa mwake, ndipo a Fombe ananena zoona, sizinapweteke. Zuze atamva nkhani anangogwira kumutu. Tiyamike ndiye ankandithira mankhwala m'diso katatu pa tsiku, osaphonya, koma kwa sabata yathunthu mawu ake anali akuti, "Yang'anani kumwamba, Amayi," basi. Galimoto inakhala ku Dedza pafupifupi mwezi. Injini inapulumuka, tabo ija ndiye anasintha. Sanandiuze mtengo wake ndipo sindinafunse.

Kubwerera ndinakwera basi. Nditangofika, ndisanamasule ndi katundu yemwe, ndinagwira tambala n'kupita pansi pa bwemba paja. Diso latsopano limaonetsa zinthu bwino, mwina mopitirira. Pamalo pamene pankakhala njinga mpaka kusowa popita, panali ziwiri. A Fombe anali atakhala pa benchi akutsuka sipanala imene inali yoyera kale.

Ndinagwada. Anati, "Dzukani, amake Zuze, akuuzani kuti musawerame."

Ndinawafunsa chifukwa chake sananditchule tsiku lija, pamene ankadziwa.

"Munali kwa asewere anu. Ndikanakuvulani pamenepo? Ndinkati munena nokha mukapeza malo."

"Nanga anthu sanabwerere? Mawu anga sanawamve?"

"Ena anamva. Koma mawu oyamba aja anthu anatumizirana, anafika ku Ngabu mpaka ku Bangula. Anu aja anathera m'gulu momwemo. Nkhani yakuti munthu sanabe siikoma kutumiza."

Tambala analandira, anapatsa akazi awo. Akazi awowo mpaka lero sandiyankha moni, ndipo sindiwadandaula.

Ndiye tsiku la msika lililonse ndimavala chitenje changa n'kupita pa siteji ya akabaza pa Nchalo. Ndimaima pamene akudikira anthu, ndimati ana anga, ndimvereni, n'kuwauza kuyambira pa chigubu mpaka pa Chimbiya. Anandizolowera, akandiona amakuwa kuti, "Abwera agogo a oyilo!" Ena amandifunsa mwachipongwe kuti njinga yawo athiremo nambala yanji. Ndimawauza kuti ine sindidziwa, akafunse a Fombe. Sabata yatha ndinadutsa pa bwemba paja, ndinapeza njinga zisanu. Pampu ya kalabu sinabwerere.